Makala m'chipinda chomata mawindo

Chaka cha korona, Lachisanu lina masana, ku Doha kunagwa matalala. Magetsi anazima m'nyumba yathu ku Al Muntazah, netiweki nayo n'kuthawa. Kunazizira koopsa, ndiye ine ndi mnzanga wa ku Mangochi tinakoleza makala ootchera nyama m'chipinda, monga tinkachitira ndi mbaula kwathu. Tinaiwala kuti mawindo akuno ndi omata, fumbi lisalowe.

Mutu utayamba kundiwawa, ndinangoti basi, korona uja wandipeza. Ndinamugwedeza mnzanga pomwe anagona, koma sanadzuke. Ambulansi ndikanaitana ndi chiyani? Ndinakwawa mpaka pachitseko, n'kumukokera panja pamatalala, ndikukuwa dzina lake.

Anasanza, kenako anatsegula maso. "Achimwene, mwandigoneka pozizira bwanji?"

Mpaka lero ndikamva fungo la makala, ndimayamba ndayang'ana komwe kuli chitseko.