Mbawa ya Amalume M'nyuzipepala

Pa maphunziro a atolankhani ku Chembe anatipatsa ntchito yoyerekeza zamoyo ziwiri zimene palibe mwa ife anaziwonapo: dolofini wa m'nyanja ya mchere ndi kauri, mtengo wa ku New Zealand. Zonse ndinalemba m'kope. Dolofini amayamwitsa, amapuma mpweya ngati ife, ndipo akagona theka la ubongo wake limakhala maso. Kauri amafika zaka zoposa chikwi, koma matenda a m'dothi akumupha, moti olowa m'nkhalango amayamba atsuka nsapato. Phunziro lake linali lakuti chimene anthu sakuchidziwa sangachiteteze.

Phunzirolo ndinapita nalo ku Katuli kwa amalume. Kumunsi kwa munda wawo, m'khwawa, munali mbawa imodzi imene ocheka matabwa anali asanaione. Amalume sankaitchula ngakhale pocheza.

Ndinawafotokozera zonse.

"Kutsuka nsapato? Mtengowo ndi mzikiti?" anafunsa.

"Ndikufuna ndilembe za mbawa yanuyi, amjomba. Dziko liidziwe."

"Likaidziwa lidzabwera kudzaithirira? Nsomba yakoyo ikaona ukonde imathawa. Mbawa yanga ithawira kuti? Isiye."

Ndinawakonza mwaulemu kuti dolofini si nsomba. Mawu ena onsewo sindinawasamale.

Nkhani ndinailemba monga anandiphunzitsira: chiyani, ndani, kuti. Thunthu tinalizungulira amuna anayi titagwirana manja, ndipo ndinalemba zimenezo. Ndinalembanso kuti ukadutsa msika umakhotera kumanzere pa mjigo, n'kutsika ndi njira ya kudimba. Mkonzi anayamikira kuti m'nkhanimo munalibe mawu ongoganizira. A wailesi nawonso anaiwerenga m'mawa pounika za m'nyuzipepala.

Mwezi usanathe, amalume anapita ku sadaka kwa Mponda, nakagonako masiku awiri. Pobwera anapeza chitsa, utuchi ndi mikwasa ya matayala a lole.

Ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza atakhala pachitsapo, ndipo anandisunthirako. Malo analipo okwanira tonse awiri, n'kutsalanso. Mwa chizolowezi ndinayamba kuwerenga mizere ya zaka pamtengopo. Ndinalekera panjira nditaona mmene ankandiyang'anira.

"Usadandaule, unalemba zoona zokhazokha," anatero. "Aja a kumsika akuti anthuwo sanafunse njira kwa wina aliyense."

Anasasa utuchi pa mkanjo wawo.

"Nanga wa ku New Zealand uja, unalembanso pokhotera pake?"