Njinga Paphewa

Chimene chinandichotsa kwathu ku Chikwawa ndi mwendo wa amayi. Unkatupa chaka ndi chaka, ndipo ulendo wa kuchipatala unkawadyera m'mawa wonse, akutsimphina m'kanjira ka m'tchire, dzuwa la kuchigwa kuno likuwaphika. Thonje litakanika chaka china ndinati basi, ndipite kunja, ku mzinda wa Sozibele, ndikapeze njinga yoti ndiziwakwezapo.

Kumeneko ndinapeza ntchito yogawa buledi m'nyumba za azungu, pa njinga ya abwana. M'mbali mwa misewu ya kumayadi munali tinjira ta phula ta njinga zokhazokha, tosalala bwino. Koma ukangolunjika kukomboni kumene tinkagona, kanjirako kankathera m'malere, n'kuyamba kulimbirana msewu ndi mabasi. Mnzanga Zuze, wa ku Makhanga, ankandiseka ndikamatiyamikira. "Tinjirati si tako, m'bale. N'ta buledi, kuti afike akadali wotentha."

Kusungulumwa kunalipo, sindibisa. Lamlungu ndinkangokhala pakhomo kupukuta njinga ya eni ake. Akapezeka wopita kumudzi ndinkamupatsira kangachepe ndi mawu omwe aja: mukawauze amayi kuti njinga ikubwera. Yankho lawo linkabwera lalifupi: "Mwendo sukudikira."

Nditabwerera ndi njinga yanga yatsopano, ya kaliyala yolimba, mudzi ndinaupeza koma kanjira ka m'tchire kaja ayi. Paliponse panali nzimbe, ndipo pakati pa ife ndi msewu panadutsa ngalande yaikulu ya madzi. Mlatho unalipo, wabwino ndithu, koma wa mathalakitala ndi antchito a paesiteti ya nzimbeyo. Mlonda wake anali wa m'mudzi mwathu momwe, ndipo anandiyankha maso ali pansi. "Pepani achimwene, wopanda chiphaso sadutsa pano. Zungulirani, kapena mukawolokere pa paipi."

Kuzungulira kunali kwa tsiku lathunthu. Pomwepo ndinamukumbukira Zuze: mlathowu ndi wa nzimbe. Koma kudandaula mokweza masiku amenewo, aa, munthu unkayamba wacheuka kaye. Ndinangothokoza n'kubwerera.

Paipiyo, yomwe inadutsa pamwamba pa ngalandeyo, inali yoterera ndi matope a kumapazi. Azimayi ankawolokapo mtolo uli pamutu, mwana kumsana, ngati palibe kanthu. Tsiku lopita kuchipatala ndinapalasa ndi amayi mpaka pamenepo, n'kuwatsitsa. Ndinayamba ndawolotsa njinga paphewa, ndinaigoneka tsidya lija, kenako ndinabwerera kudzabereka amayi. Anali atapepuka kwambiri moti mtima unandiwawa.

Tili pakatikati pa paipi, madzi akuthamanga pansi pathu, anandinong'oneza kukhutu. "Iwe, zaka zonse zija unapita kukagula katundu wina woti uzisenza?"

Ndinafuna kuseka, koma ndinaopa kuterereka. Ndinangoti, "Gwiritsitsani, amayi."