Bowo lachikasu

Amuna anga atamwalira, mwana wathu Luisa anabwera kudzakhala nane ku Insaca. Anaika pulogalamu yatsopano yaulere mu rauta ya bambo ake, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba, kenako anapita kumsika. Ine popukuta fumbi ndinazula chingwe cha rautayo, n'kuchilowetsa m'bowo lachikasu m'malo mwa labuluu. Intaneti inafa.

Luisa anavutika masiku atatu, kuzimitsa, kuyatsa, kusintha manambala, uku akulira. "Amayi, ndawononga chinthu cha apapa."

Ndinazindikira tsiku lachiwiri, koma manyazi ananditseka pakamwa. Mawa lake, iye akusamba, ndinabwezera chingwecho ngati mbava.

Atatuluka anayang'ana foni. "Yabwerera yokha! Kapena apapa andikhululukira?"

Ine, ndi imvi zangazi, ndinangoti, "Kapena, mwanangu."