Mpopi wa Thanki ya Azakhali

Azakhali anga anakulira m'tauni, kumene ukangopotokola mpopi madzi amatuluka. Atakwatiwa ndi mlimi wa kudera louma, tonse tinkati sakakhalitsa. Koma iwo atafika anayang'ana kamunda kofiira psuu, anasuzumira m'chitsime chomwe madzi ake ankalekeza m'kakolo, n'kungoti, "Chabwino, tionana."

Kuyambira pamenepo, dontho lililonse pakhomopo linkagwira ntchito kawiri. Madzi otsukira mbale ankapita ku mapapaya. Aliyense ankasamba ataimirira m'beseni, ngakhale amuna awo, chimunthu chachitali chomwe mapazi ake sankakwanamo. Mlendo akangoti ataye madzi otsala m'kapu, mawu ankachokera kukhitchini: "Musataye!" Posakhalitsa anthu onse ankangowatchula kuti Mayi Musataye.

Kudimba anakwirira mabotolo apulasitiki oboola ndi singano pambali pa tomato aliyense, kuti madzi azidontha pang'onopang'ono pamizu penipeni. Pamwamba anaphimbira udzu wouma kuti dzuwa lisawabere chinyezi.

Kenako anavutitsa amuna awo mpaka anamanga thanki ya njerwa ndi simenti yolandira madzi a padenga. Thanki itatha, mvula inakana. Oyandikana nawo akamadutsa ankafunsa kuti, "Alamu, mphepo yadzaza m'thankimo?"

Tsiku lomwe mvula inagwa ine ndinali komweko kocheza. Kunja kunada masanasana, malata anayamba kulira. Azakhali anaponya nsalu yomwe ankasoka n'kuthamangira panja opanda nsapato.

"Tulutsani zonse! Ndowa, mapoto, ketulo, zonse!"

Amuna awo anatuluka ndi wilibala, akuvina chammbali ngati nkhanu. Ine ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope, poto ali kumutu. Azakhali anagunditsa khutu pathanki, akumvetsera madzi akukhuthukira m'kati, n'kumakuwa kuti, "Tamvani! Ikumwa!"

Mwadzidzidzi nkhope ya azakhali inasintha. Madzi ankatuluka pakabowo kam'munsi, kuthamangira kumsewu.

"Bambo, mpopi wa pano uli kuti?"

"Ndinauchotsa kuopa akuba. Ndinausunga pabwino."

"Pabwino pake pati?"

Bambo aja anakanda mutu, mvula ikuwatsikira m'ndevu. "Pabwino kwambiri, mayi."

Azakhali anagwada n'kutseka bowolo ndi chala chachikulu. Madzi anawathira kumaso. Anayesa chidendene, osatheka. Mapeto ake anatembenuka n'kukhalira bowolo, msana atautsamiritsa kukhoma la thanki, akuseka mpaka mpweya kuwathera.

"Pitani mukaufune! Ine pano sindichoka, mundibweretsere tiyi pompano!"

Tinagwedeza nyumba yonse: pansi pa matiresi, m'nsapato, m'chitini cha misomali. Mpopi osaoneka. Ndiye amuna awo anasema kamtengo, anakakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kukakhomera pabowopo azakhali atangodzuka. Sipanadonthenso.

Madzi a m'thankimo anawafikitsa m'chilimwe chonse. Minda ina itauma gwa, kwawo kunali tomato, anyezi ndi masamba obiriwira, ndipo amene ankafunsa za mphepo aja anayamba kubwera ndi zingwe kudzayeza kukula kwa thanki.

Mpopi unapezeka chaka chotsatira pa ukwati wa mchemwali wanga. Amuna a azakhali anaimirira kuti alankhule, anapisa m'thumba la jekete kufuna kampango kopukutira thukuta, n'kutulutsa mpopi pamaso pa anthu onse. Azakhali anaseka mpaka anthu anachita kuwatulutsa panja.