Dzina Limene Ndinkalidumpha M'mapemphero

A Clive Ramsden anali mwana wa wogulitsa nyama m'tauni yathu ino ku Yorkshire. Zamalamulo anaphunzira limodzi ndi malemu amuna anga, a Neville, ndipo atamaliza anatsegula ofesi imodzi pamwamba pa sitolo ya mankhwala. A Neville anali a mapepala, a Clive anali a pakamwa. Mlandu wa anthu amene anadwala chifuwa ndi fumbi la m'fakitale ya nsalu, amuna anga anaukonza zaka zitatu. Atapambana, nkhope imene inatuluka m'nyuzipepala inali ya a Clive. Chaka chotsatira anapita ku London ngati phungu wathu.

Anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sindinganame, ntchito ankagwira. Chipatala chathu chaching'ono chikanatsekedwa pakanapanda iwo. A Neville anakalambira pa desiki yomwe ija, ndipo pamaliro awo mipando yambiri inali yopanda anthu.

Kutchalitchi kwathu timapempherera phungu pomutchula dzina, ndipo Lamulungu loyamba la mwezi wotsogolera mapemphero ndimakhala ine. Ndikafika pamzere umenewo ndinkangoti "onse otilamulira," n'kupitirira.

Tsiku lina tikutsuka makapu a tiyi, abusa athu, mayi Pickering, anati, "Mayi Thwaite, magalasi anuwa ndi odabwitsa. Amakana mzere umodzi wokha."

"Mulungu akuwadziwa a Ramsden, Abusa."

"Akuwadziwa, inde. Ine nkhawa yanga ili pa inu."

Pachisankho cha chaka chatha a Clive anagwa. Lamulungu lotsatira, limene linali langa, anabwera okha. Tinakumana pakhomo.

"Maureen," anatero, "akuti zaka zonsezi simunanditchulepo. Mwina n'chifukwa chake ndagwa."

"Mukanamabwera, bwenzi mukudzipempherera nokha."

Anaseka pang'ono, n'kukakhala kumbuyo, chipewa chili pamaondo.

Nditafika popempherera amene ntchito yawathera, ndinakweza mawu n'kunena kuti, "Tikumbukire mbale wathu Clive Ramsden." Anthu angapo anacheuka. A Clive anaweramitsa mutu.

Dzinalo linatuluka mosavuta, ndipo linandikomera m'kamwa. Kukomako n'kumene kunandiopsa, pakuti ndinali kukondwera ndi kugwa kwawo. Abusa atanyamula mkate ndi chikho, anzanga a pabenchi anadzuka n'kupita kutsogolo kukalandira Mgonero. Ine ndinapinda miyendo kuti adutse, n'kukhala pomwepo.