Chilimwe Chimene Amalume Anandiphunzitsa Gitala

Linali khoko la chipolopolo chophera njovu, lamkuwa, lalitali ngati chala cha munthu wamkulu. Amalume analipempha kwa alenje a ku Mphuka, n'kulinola kukamwa pa mwala mpaka linasalala, ndipo ankalivala ku chala chapakati cha dzanja lamanzere akamaimba gitala. Munthu akafunsa ankayankha moseka kuti, "Ni staelo ya ku Buluwayo." Ine ndinakhulupirira. Ndinali kamtsikana ka sukulu, ndipo chilichonse chochokera ku Buluwayo ndinkachiona ngati chatsika kumwamba.

Choona chake n'chakuti amalume anali ndi khate. Zala zawo zinali zitayamba kufa, sizinkamvanso nsambo, ndipo khoko lija ndi limene linkakanikiza nsambo m'malo mwa zalazo. Anabwera nawo matendawo kuchokera ku mahola a mowa kumene ankaimba jazi, ndipo amene ankadziwa anali amayi anga okha, mlongo wawo. Masiku amenewo munthu akadziwika kuti ali ndi khate, bambo wa pa chipatala cha boma la Feira, amene tinkamutcha adilesa, ankamukweza lole yopita kumsasa wa odwala, kutali kuseri kwa mapiri. Amene anapitako a m'mudzi mwathu sitinawaonenso. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangoona kuti amalume ali ndi mbale yawoyawo, ndi kuti amavala malaya a manja aatali m'dzuwa la Okutobala, limene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pansi pa nkhokwe.

Amene anabweretsa mavuto anali aphunzitsi athu, mosadziwa. Ankakwatira mvula isanagwe, ndiye anabwera ndi nkhuku m'khwapa kudzapempha amalume kuti akaimbe pa ukwati. Kukana kunali kosatheka. Feira yense ankadziwa mmene zala za amalume zinkathamangira pa gitala, ndipo munthu wotero akakana nkhuku ya aphunzitsi anthu amafunsa chifukwa. Komanso adilesa anali bwenzi la mkwati, woyenera kukhala pampando wa patsogolo. Madzulo amenewo ndinamva amayi akunong'ona kuseri kwa nyumba kuti, "Olokani mtsinje, alongo, pitani kwa Apwitikizi." Amalume anati atopa kukhala mlendo. M'mawa mwake anakabwereka gitala yakale imene aphunzitsi ankatiimbitsira nyimbo za kusukulu, n'kuiika pamiyendo panga.

Nzeru yawo ndinadzaimvetsa nditakula. Iwo adzagwira pansi, makiyi okhaokha, amene khoko lija likanatha kukanikiza, ine ndidzayenda pamwamba ndi kanyimbo kothamanga. Mtsikana woimba gitala ku Feira kunali kusanaoneke, ndiye ndani akanataya maso ake pa manja a munthu wokhala kumbuyo? Ine pa nthawiyo ndinkangoti amalume aona luso mwa ine. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, kwinaku sindidziwa n'komwe kuti nsambo zilipo zingati.

Tinkaphunzira masana kuseri kwa khola la mbuzi, pamthunzi wa masawu. Nyimbo yake ankaitcha bulusi, ndipo makiyi ake anali achisoni. Anandionetsa kuti chala chimodzi ukachibweza m'mbuyo pang'ono, mawu onse amada ngati mitambo ya mvula. Makiyiwo anawapatsa mayina kuti ndisasokere. Loyamba linali kwathu, ndipo kumeneko umakhalitsa. Kenako umapita kwa aneba, n'kubwerera. Ndiye pamabwera kutsidya, kumene kuli makiyi awiri oyandikana, lina pamwamba lina potsetsereka, ndipo ukatsetsereka uyenera kufika kwathu nthawi imodzi ndi mnzako. Kutsidya kumeneko ndi kumene ndinkamira tsiku ndi tsiku. Iwo afika kwathu kalekale, ine ndikadali m'madzi.

Kusukulu ndinali katswiri woloweza, ndiye ndinaganiza zodzipulumutsa ndi luso lomwelo. Amalume akang'ung'udza kanyimbo ndi pakamwa kuti andionetse njira, ine ndinkakagwira konse, n'kukagona nako, mawa lake n'kukabweza osasiya kanthu. Ndinkadikira kuyamikiridwa. Iwo ankaimitsa nsambo ndi chikhatho.

"Iyo ni yanga. Yako ili kuti?"

Funso limeneli linkandiliza. Aphunzitsi ankatikwapula tikasintha liwu limodzi, amalume akundikalipira chifukwa sindinasinthe. Akuluakulu, ndinkatero mumtima, ayambe agwirizana okhaokha. Koma amalume sankakalipa mwachabe. Woloweza akaphonya amaima, ndipo gitala yanga ikanangoti zii pakati pa anthu, maso onse akanatembenukira kwa iwo. Mawu amene anandibwerezera koposa ndi akuti, "Osaima, iwe. Ukalakwa, lakwanso pamenepo, azaganiza wacita dala."

Masiku ankatha. Mphepo yotentha inkachokera ku mtsinje, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, nsambo zikupsa ngati zakhala pamoto. Amayi anasiya kuseka. Ankasinja mapira chapafupi, ndipo ndikaphonya munsi wawo unkaphonyanso. Tsiku lina amalume anakwiya mpaka anamenya mtengo wa khola ndi dzanja, mbuzi n'kubalalika, ndipo ine ndinakwiya kuposa iwo. Titafika kutsidya sindinayesenso kukumbuka chilichonse. M'mutu mwanga munabwera mfuu ya azimayi a ku Kavalamanja akamaitana mwini bwato ali patali, liwu lokwera, lokhalitsa m'mwamba, lotsika mochedwa. Ndinakoka nsambo kuti ilire choncho. Amalume sanaimitse. Tinazungulira, tinazunguliranso, ndipo ulendo uliwonse mfuuyo inkatuluka mwa mtundu wina. Titamaliza sanandiyamikire, anangopukuta thukuta ndi mkono wa malaya n'kunena kuti mawa tiyambe msanga.

Ukwati unachitika masana, pansi pa chisakasa cha udzu pabwalo la sukulu. Adilesa anakhala patsogolo penipeni, atavala jekete loyera, chipewa chili pabondo. Amalume anadzikhazika kumbuyo kwanga pa kampando kafupi. Ndinayamba nyimbo mwamantha, maso ali pa nsambo. Koma anthu ataona kuti woyenda pamwamba ndi ine, panabuka phokoso. Azimayi anaimba nthungululu, anyamata anakwera pa mabenchi, agogo ena anabwera kudzandiyang'ana zala pafupi kuti atsimikize. Mantha anandithera. Ndinaoloka kutsidya n'kubwerera ngati ndinabadwira komweko, ndipo ndinganene mosabisa kuti sindinakondwepo chotero chibadwire.

Pakati pa nyimbo ndinacheuka kuti ndione ngati amalume akunyadira. Ankamwetulira. Koma nsambo yaikulu ya gitala yawo, imene inali waya wa buleki ya njinga, inali itacheka chala chachikulu cha dzanja lamanja. Magazi ankayenderera pa thabwa la gitala n'kudonthera pa buluku lawo loyera, iwo akungokhwatcha ndi chala chomwecho, akugwedeza mutu. Ndinaganiza kuti amalume ndi mwamuna wolimba mtima. Ndinachita zimene anandiphunzitsa, sindinaime.

Amayi nawo anali ataona. Chimwalirire bambo anga anali asanavinepo, koma tsiku limenelo anadzambatuka, n'kumasula chitenje chapamwamba, n'kulowa m'bwalo atachitambasula ndi manja onse awiri. Anavina pamalo amodzi, pakati pa adilesa ndi amalume, nkhope ili gwa, mapazi okha akugwira ntchito. Anthu anakuwa kuti namfedwa wadzuka. Ine ndinawonjezera moto, ndikuganiza kuti ndine ndawavinitsa.

Adilesa anadikira nyimbo ithe. Anaomba m'manja pamodzi ndi onse, n'kuvala chipewa, n'kuzungulira kumbuyo kwa amayi mosafulumira. Anapereka moni kwa amalume ndipo sanalitaye dzanjalo. Ankayamikira nyimbo, akufunsa za ku Buluwayo, kwinaku chikhadabo chawo chikukanikiza pabala penipeni. Amalume ankayankha moseka, maso ali pankhope ya adilesa. Atatsitsa maso n'kuona chimene chinkachitika, kuseka kunatha. Palibe anakweza mawu. Adilesa anangoti, "Mubwere ku cipatala Lolemba, bambo," ndipo amayi anakhala pansi pafumbi pomwepo.

Lole inabwera sabata yotsatira. Amalume anandisiyira gitala yawo ataitsuka ndi madzi otentha ndi phulusa. Ndinathamanga kuti ndiwagwire dzanja, iwo anabisa manja onse kumbuyo n'kundiuza kuti, "Kutsidya unafika bwino." Zinandipweteka kwambiri. Ndinatsimikiza kuti akubwerera ku Buluwayo chifukwa cha nsanje, poti nthungululu zonse za pa ukwati zinagwera ine, ndipo ndinakhala masiku osaikhudza gitalayo.

Kuyambira m'mawa wotsatira, amayi ankandiitanira kuseri kwa nkhokwe anthu asanadzuke bwino. Ankandiuza kuti nditsinzine, n'kundibaya nsonga za zala ndi munga, chala chimodzichimodzi, akufunsa kuti, "Wamva?" Akabaya dzanja lamanja ndinkalumpha msanga. Koma nsonga za kumanzere zinali zitalimba ndi nsambo ngati chikopa cha ng'oma, ndipo tsiku loyamba ndinayankha zoona kuti sindinamve kanthu. Ndinamva mpweya wawo ukuima. Anagwira chala changa mwamphamvu, n'kulowetsa mungawo mpaka unaboola chikopa cholimbacho. Ndinakuwa kuti mudzi wonse umve. Nditatsegula maso ndinapeza amayi akuseka, misozi ili mbwembwembwe, akupsompsona kachala kotuluka magazi. Anachita zimenezi mpaka mvula inagwa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachoka pamenepo ndikuyamwa chala, ndikudabwa kuti ndi mayi wamtundu wanji amene amakondwa mwana wake akamva kuwawa.