Minga ya a Dixon Muhiwa

Abusa andipempha kuti ndilembe za moyo wa amuna anga, a Dixon Muhiwa, m'kalata ya mpingo. Ndavomera, koma ndawauziratu kuti sindithira shuga. Ena a inu munalira mokweza pamaliro, chonsecho ndinu omwe munkawaseka ali moyo. Ndikukudziwani, chifukwa nanenso ndinali m'gulu lomwelo.

A Dixon anabadwira kutsidya kwa Ruo. Anawoloka ali kumsana kwa mayi awo, nakulira m'malaini a pa esiteti. Anayamba ndi kupalira tiyi, kenako kuthyola, ndipo anabatizidwa asanakwatire. Kuyambira pamenepo chitsulo choitanira anthu kutchalitchi ankaimba ndi iwo, kaya kuli dzuwa kaya chiperoni. Kusesa ndi iwo. Kukagwa maliro, khasu loyamba kumanda linali lawo. Tinaika ana awiri m'chaka chimodzi n'kutsala ndi Rhoda yekha. Ine ndinakalipira Mulungu anthu akumva. Iwo anadzuka n'kukaimba chitsulo.

Mu 1944 anawatenga kukagwira m'dimba la maluwa kwa bwana manijala, kumene ankawaitana boyi mpaka imvi. Dona wa pamenepo pobwerera kwawo anataya kudzala zomera zaminga zimene ankazitcha kakitasi. A Dixon anatola zisanu ndi ziwiri, nazibzala mumchenga m'zitini zakale, nazindandalika pakhonde pomwe mvula sifika.

Apa ndi pomwe pakamwa panu panatseguka. A Peterson, mkulu wa mpingo, anati zimenezi ndi zibale za nkhadze ya kumanda. Ena munati ndi mankhwala otsirikira nyumba. Tsiku lina chimodzi chitachita duwa lofiira, a Dixon anachinyamulira kutchalitchi kuti Ambuye aoneko. A Peterson anachitulutsa panja. Amuna anga anachiika pansi pa mtengo wopachikapo chitsulo chija, nalowa kukapemphera.

Ine ndinkati munthu wanzeru amabzala mpiru. A Dixon akaweruka kuntchito ankakhala pachitsa n'kumayang'ana zitinizo ngati muli ana. Duwa likatumbuka ankaitana, "Mayi a Rhoda, tabwerani mudzaone." Ndinkayankha kuti manja anga ali ndi ntchito. Maluwa akewo sachedwa, tsiku limodzi kapena awiri basi afota, ndiye ambiri sindinawaone. Ankakonda kunena kuti, "Ngakhale ichi chimene aliyense amachithawa, Mulungu sanachimane." Akayamba kundifotokozera kasamalidwe kake, ndinkawadula pakamwa.

Panali chimodzi chobulungira ngati dzungu, chimene ankachitcha Nkhalamba. Zinzake zonse zinkachita maluwa, chokhacho ayi. Ankati ngakhale dona uja sanalione duwa lake. Anachidikira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankati pempho lawo laling'ono ndi lakuti adzangoona mtundu wake asanatsikire kumanda.

Chaka chatha mu Ogasiti, pamutu pa Nkhalamba panatuluka kanthu kaubweya kotupa ngati nsonga ya chala. Sabata yomweyo chifuwa chinawagwetsa. Tikuwakweza lole ya pa esiteti yopita kuchipatala cha mishoni, anandigwira dzanja nati, "Mayi a Rhoda, zamingazo musa..." Ine ndinati, "Gonani inu. Ndinagwirako ku nazale ya tiyi, mbewu ndimazidziwa."

Nditabwerera kunyumba n'kuona chitsa chili chokha, mtima unandiwawa. Ndinati munthuyu ndamuzunza mokwanira, akabwera apeze duwa lake. Kunali kutentha, mchenga uli gwa. Ndinathirira m'mawa ndi madzulo monga tinkachitira ku nazale. Ndinaonjezera manyowa a mbuzi. Nditaona madzi akuthawira m'timabowo tapansi pa zitini, ndinati a Dixon ndi osasamala, n'kumata timabowoto ndi dothi. Masabata atatu ndinatunga madzi kumtsinje ndi msana wanga uno. Sindinafunse munthu. Ndikanafunsa ndani? Wodziwa ndinali nditamutseka pakamwa.

Anawatulutsa m'chipatala kuti akathere kwawo. Asanalowe m'nyumba anati tiwakhazike pachitsa. Anakhudza Nkhalamba, chala chawo n'kulowa ngati m'dzungu lowola. Kanthu kaubweya kaja kanagwera m'dzanja mwawo. Anapendeketsa chitini, madzi akuda n'kukhuthuka, ndipo anaona dothi ndinamata lija. Ndinadikira kuti akalipe. Zikanandipepukira akanakalipa.

"Mwazimwetsa ngati tiyi," anatero, naseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Zaka zonsezi ndinkafuna muzigwireko. Mwazigwira, mayi a Rhoda. Zikomo."

Sanazitchulenso. Anakhala masiku asanu ndi limodzi. Lachinayi masana abusa anawapatsa Mgonero, Rhoda akuimba nyimbo, ndipo anapita mwakachetechete nkhope italoza kukhonde.

Chinapulumuka chimodzi chokha, chimene chinandibaya chala chaka china ine n'kulumbira kuti sindidzachiyandikira. Chinapulumuka chifukwa cha mangawa anga. Patatha masabata awiri chiwaikire, chinachita duwa lofiira. Ndinachinyamula mpaka kutsogolo kwa tchalitchi, n'kuwayang'ana a Peterson m'maso. Iwo anayang'ana m'buku la nyimbo.

Za kupirira kwa a Dixon abusa ananena kale paguwa, ndipo sananame. Zanga ndi izi: munthu akakuitanani kuti mudzaone, pukutani m'manja mupite. Mtundu wa duwa la Nkhalamba palibe adzaudziwe kuno. Iwo mwina auona kumene ali. Ine m'mawa uliwonse ndimaima pakhonde ndi chikho cha madzi, dzanja likufuna kuthira, kenako ndimakhala pachitsa n'kumwa ndekha.

Ndine Teleza Muhiwa, mkazi wawo.